Torrent yaima pa 0%, bandulo yatha: mmene BitTorrent imayendera ndi mmene mungaigwiritsire ntchito

Mafunso awiri sasiya kundipeza kuchokera kwa anzanga okonza makompyuta, aphunzitsi oyang'anira malabu m'masukulu ndi ophunzira a ku koleji. Loyamba ndi lakuti, "Achimwene, torrent yanga yangoima pa 0%, chavuta n'chiyani?" Lachiwiri limabwera ndi mkwiyo: "Fayilo inali ya 6 GB, nanga bandulo yanga ya 10 GB yathera kuti?" Gwero la mafunso onsewa ndi limodzi. Anthu amaiona torrent ngati kudawuniloda kwa masiku onse kuja, koti mwadina linki, seva n'kukupatsani fayilo, basi. Torrent siyenda choncho, ndipo mukapanda kudziwa kayendedwe kake imakudyerani ndalama ndi nthawi. Ndalemba zonse pano kuti wofunsa aliyense azipeza yankho lathunthu pamalo amodzi.

Chitsanzo chathu chikhala Ubuntu 24.04, pulogalamu ya Linux yoyendetsa kompyuta monga imachitira Windows. Fayilo yake ya ISO, imene mumaigwiritsa ntchito poiika pa kompyuta, ndi ya pafupifupi 6 GB, ndipo eni ake amaipereka mwaulere kudzera pa torrent. Zimene muwerenge pano zigwiranso ntchito pa Debian, Linux Mint, LibreOffice, mabuku a ku Internet Archive, ndi mafayilo a Kiwix amene amathandiza kuwerenga Wikipedia popanda intaneti.

1. Dziwani kaye gulu limene mukulowa

Taganizirani kalasi ya ana 60 yokhala ndi buku limodzi. Aliyense akati adikire kuti bukulo limupeze kuti akopere manotsi, teremu itha ena asanaligwire n'komwe. Koma aphunzitsi akagawa masamba, uyu lake uyu lake, ana n'kumabwerekana zimene akopera, kalasi yonse imalemba nthawi imodzi ndipo palibe amene akhala manja lende. BitTorrent imachita zomwezi ndi mafayilo. Fayilo imadulidwa m'tizidutswa tambirimbiri tofanana kukula. Ngati kachidutswa kalikonse ndi ka 256 KB, fayilo ya 6 GB imakhala ndi tizidutswa toposa 23,000. Kompyuta yanu imatola tizidutswato kwa anthu osiyanasiyana, ndipo kalikonse kamene kafika kwa inu, nthawi yomweyo mumayamba kukapereka kwa ena.

Njira imeneyi anaikonza ndi Bram Cohen m'chaka cha 2001. Isanabwere panali Napster, yomwe inayamba mu 1999. Kumeneko nyimbo zinkachoka pa kompyuta ya munthu kupita kwa mnzake, koma mndandanda wa amene ali ndi chiyani unkasungidwa pa maseva a kampani imodzi. Khoti litalamula, mu 2001 maseva aja anazimitsidwa, zonse n'kuthera pomwepo. BitTorrent ilibe malo amodzi otero.

Mawu anayi muwaona paliponse. Peer ndi kompyuta iliyonse imene ili nawo pa torrent imodzi ndi inu. Seed ndi peer imene ili ndi fayilo yonse ndipo ikungopereka. Swarm ndi gulu lonse la ma peer ndi ma seed a torrent imodzi. Ratio ndi zimene mwatumiza pozigawa ndi zimene mwalandira: mukalandira 6 GB n'kutumiza 3 GB, ratio yanu ndi 0.5.

2. Ikani pulogalamu yodalirika

Pa Windows, Linux kapena Mac, ikani qBittorrent. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo maina a mabatani amene ndiwatchule pansipa ndi a mmenemo. Transmission ndi Deluge nazonso n'zabwino. Pa foni ya Android pali LibreTorrent. Itengeni pa webusaiti ya eni ake, osati pa linki yoyamba imene yatulukira pamwamba mukasaka, chifukwa ena amatenga mapulogalamu otchuka n'kuwasakaniza ndi zoipa.

3. Ikani malire musanatsegule torrent iliyonse

Apa ndi pamene bandulo imafera. Kampani ya foni imawerengera zonse, zolowa ndi zotuluka. Torrent ikamaliza kudawuniloda siima yokha. Imasanduka seed n'kumatumizabe mpaka mutailetsa. Tiwerengere limodzi: ikamatumiza 100 KB pa sekondi, pa ola limodzi yatumiza 360 MB. Mukaiwala laputopu ili yoyaka kwa maola 10 usiku, ndiye kuti 3.6 GB yapita, kuwonjezera pa 6 GB ya fayilo ija. Bandulo ya 10 GB ija yathera pamenepo.

Mu qBittorrent ya pa Windows pitani ku Tools, kenako Options. Pa Speed, ikani malire a Upload. Ngati muli pa bandulo, 20 mpaka 30 KB pa sekondi n'zokwanira. Chenjerani: kulemba 0 m'bokosi limeneli sikutseka kutumiza, kumatanthauza kuti palibe malire. Ambiri amagwa apa. Kenako pa BitTorrent, pezani Seeding Limits, chongani pa When ratio reaches, lembani 0.2 kapena nambala imene thumba lanu lingakwanitse, ndipo musankhe kuti ikafika pamenepo torrent iime.

Ngati intaneti yanu ndi yopanda malire, musakhale ouma manja chotero. Lolani ratio ifike pa 1 kapena kupitirira, chifukwa fayilo imene mukuitengayo ikupezeka kaamba koti wina sanazimitse msanga. Komabe musalole kutumiza kudzaze mzere wonse. Siyani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a liwiro lanu lotumizira. Kompyuta ikamalandira zinthu imayenera kumayankha kuti zafika, ndipo mayankho amenewo akasowa podutsa, kudawuniloda nakonso kumachedwa.

Pa Speed pomwepo pali Alternative Rate Limits ndi ndondomeko ya nthawi. Ngati mumagula bandulo ya usiku, ikani liwiro lotsika kwambiri masana kuti ntchito yaikulu izichitika usiku.

4. Pezani fayilo ya .torrent kapena linki ya magnet

Pa webusaiti ya Ubuntu, pitani pa tsamba la Alternative downloads, mupeza mafayilo othera ndi .torrent. Kafayilo kameneka n'kakang'ono ndipo mulibe Ubuntu mmenemo. Muli dzina la fayilo yeniyeni, kukula kwake, kukula kwa tizidutswa, adiresi ya tracker, ndi hash ya kachidutswa kalikonse. Hash ndi nambala yaitali imene imawerengeredwa kuchokera m'zimene zili m'kachidutswako. Mukasintha ngakhale chilembo chimodzi, nambalayo imasinthiratu. BitTorrent yoyamba imagwiritsa ntchito SHA-1, ndipo yatsopano, v2, imagwiritsa ntchito SHA-256. Kachidutswa kakafika, pulogalamu imakawerengera hash n'kufananiza. Zikasiyana imakataya n'kukapemphanso kwa wina. N'chifukwa chake mungathe kulandira zinthu kwa anthu osawadziwa koma fayilo n'kutuluka yosawonongeka.

Tracker ndi seva imene ilibe fayilo koma imasunga mndandanda wa amene ali mu swarm. Pulogalamu yanu imaiuza kuti "ndabwera, adiresi yanga ndi iyi," iyo n'kukupatsani maadiresi a ena, kawirikawiri okwana 50.

Linki ya magnet imayamba ndi magnet:?xt=urn:btih: kenako zilembo ndi manambala 40. Zilembo zimenezo ndi info hash, chizindikiro cha torrent yonse. Ndi magnet, pulogalamu imayamba yasaka anthu amene ali ndi torrent imeneyo kuti aipatse mndandanda wa tizidutswa uja. N'chifukwa chake imalemba kuti Downloading metadata kwa kanthawi. Imawasaka kudzera mu DHT, njira imene inalowa mu BitTorrent mu 2005, yochokera pa Kademlia ya Petar Maymounkov ndi David Mazières ya mu 2002. Mu DHT mulibe seva. Kompyuta iliyonse imasunga kachigawo ka mndandanda, ndipo funso lanu limadutsa kwa uyu ndi uyo mpaka kufika kwa odziwa. Palinso PeX, pamene ma peer amene mwalumikizana nawo amakuuzani za anzawo ena. Onetsetsani kuti DHT, PeX ndi Local Peer Discovery zonse zachongedwa pa tsamba la BitTorrent mu Options.

Chinthu chimodzi ndisachibise. Pa torrent simungolandira ayi, mumagawanso. Mukatenga filimu kapena nyimbo imene mwini wake sanalole, inuyo mwasanduka wogawa. Ku Malawi kuli lamulo la umwini wa ntchito zaluso la mu 2016 ndi bungwe la COSOMA loteteza oimba ndi alembi, ndipo maiko ena ali ndi malamulo awo, ena okhwima kwambiri pa nkhani ya torrent. Dziwaninso kuti aliyense mu swarm amaona adiresi yanu ya IP, nambala imene mumadziwika nayo pa intaneti. Dinani pa Peers pansi pa pulogalamu, muona maadiresi a anthu ndi timbendera ta maiko awo. Iwonso akukuonani chimodzimodzi. Batani la Encryption silibisa zimenezi.

5. Yambitsani, ndipo phunzirani kuwerenga zimene mukuona

Tsegulani fayilo ya .torrent, sankhani foda, onetsetsani kuti malo alipo okwanira. Ngati mukusungira pa flashi, ikhale ya exFAT kapena NTFS, chifukwa FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB.

Pa mzere wa Seeds muona manambala awiri, mwachitsanzo 12 (900). Yoyamba ndi ma seed amene mwalumikizana nawo, ya m'mabulaketi ndi onse amene akudziwika mu swarm. Ngati manambala onse awiri ndi 0, kawirikawiri vuto si lanu, torrent imeneyo ilibe seed. Yang'ananinso Availability. Ikakhala yochepera 1, monga 0.97, ndiye kuti tizidutswa tonse ta anthu amene mwalumikizana nawo, ngakhale mutatiphatikiza, sitikwanitsa fayilo yonse. Torrent yotero idzafika pa 97% n'kuima mpaka seed atabwera. Kusintha ma setting sikungathandize.

Mphindi zoyamba zimayenda pang'onopang'ono, ndipo pali chifukwa. Peer iliyonse imatsegulira anthu ochepa pa nthawi imodzi, m'kapangidwe koyamba anayi, ndipo masekondi 10 alionse imaonanso amene akuitumizira bwino kuti iwakondere. Inu amene mwangofika mulibe choti mupereke. Chimene chimakupulumutsani n'chakuti masekondi 30 alionse peer imatsegulira munthu mmodzi mwachisawawa posayang'ana zimene wapereka. Mukapeza tizidutswa tingapo mwanjira imeneyo mumakhala ndi chosinthanitsa, liwiro n'kukwera. Choncho musaizimitse n'kuiyatsanso pakangotha mphindi imodzi, mukubwerera poyambira.

Pulogalamu siyamba ndi kachidutswa koyamba n'kumapita motsatana. Imasankha kaye kamene kakusowa kwambiri mu swarm, kuti seed akachoka kachidutswako kasatheretu. Ndiye fayilo imene ili pa 80% ili ndi mipata paliponse, musayese kuitsegula.

6. Port yotseka: gawo limene ambiri amalidumpha

Ngati ma seed ndi ambiri m'kati mwa manambala aja koma inu mwalumikizana ndi mmodzi kapena awiri, kapena torrent ikungolemba kuti Stalled, werengani gawo lino modekha.

Kuti makompyuta awiri alumikizane, mmodzi ayenera kuyambitsa, winayo kulandira. Wolandirayo amadikira pa nambala inayake yotchedwa port. Kale BitTorrent inkagwiritsa ntchito 6881 mpaka 6889, koma masiku ano pulogalamu imasankha nambala yake. Muiona mu Options pa Connection, pamene alemba Port used for incoming connections.

Vuto limabwera ndi rauta. Nyumba yonse kapena ofesi yonse imatulukira pa intaneti ndi adiresi imodzi, ndipo m'katimo chipangizo chilichonse chili ndi adiresi yam'nyumba monga 192.168.1.20. Njira imeneyi imatchedwa NAT. Inu mukayambitsa kulumikizana, rauta imakumbukira n'kubwezera yankho kwa inu. Koma munthu wakunja akayamba yekha kukufunani, rauta sidziwa kuti akufuna laputopu yanu, foni ya mwana kapena TV, ndiye imangomukana. Zotsatira zake n'zakuti inu mumatha kulumikizana ndi okhawo amene port yawo ndi yotseguka. Anthu awiri amene onse ndi otsekeka sapezana mwachindunji. Pa torrent ya Ubuntu simungaone vuto kwenikweni, otseguka ndi ambiri. Koma pa torrent yokhala ndi ma seed atatu, onse otsekeka ngati inu, mudzadikira mpaka kutopa ngakhale fayilo yonse ilipo.

Yang'anani pansi pa qBittorrent, kumanja. Kachizindikiro kobiriwira kakutanthauza kuti akunja akukupezani. Kooneka ngati lawi la moto kakutanthauza kuti palibe amene walowa kuchokera kunja. Kapatseni mphindi zingapo torrent ili mkati koyenda musanagamule.

Kukonza kwake kumayenda motere. Choyamba, pa Connection chongani pa Use UPnP / NAT-PMP port forwarding from my router. Zimenezi zimalola pulogalamu kupempha rauta yokha kuti itsegule port. Marauta ambiri amavomera, bola UPnP ikhale yoyatsa m'katimo. Onetsetsaninso kuti firewall ya Windows ikuilola qBittorrent. Funso lake limabwera kamodzi poyamba, ndipo ambiri amangodina Cancel osawerenga.

Zikakanika, tsegulani nokha. Sankhani nambala imodzi yapamwamba, mwachitsanzo 51413, muilembe pa port ya pulogalamu ndipo isamasinthesinthe. Lowani mu rauta kudzera pa browser. Adiresi yake kawirikawiri ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo ma MiFi ambiri a Huawei ali pa 192.168.8.1. Pezani Port Forwarding kapena Virtual Server. Lembani nambala ija, sankhani TCP ndi UDP zonse ziwiri, ndipo lozani ku adiresi yam'nyumba ya kompyuta yanu. UDP musaisiye, chifukwa DHT ndi uTP, njira ina imene BitTorrent imatumizira tizidutswa, zimadutsa mmenemo. Cholakwika chofala apa n'chakuti mawa lake rauta imapatsa kompyuta adiresi ina, lamulo lija n'kumaloza kopanda munthu. Pofuna kupewa zimenezi, pa DHCP mu rauta, gawo logawa maadiresi am'nyumba, musungire kompyutayo adiresi yokhazikika.

Tsopano chimene malangizo ambiri olembedwa ku Ulaya ndi ku America satchula. Mungathe kuchita zonsezi molondola, lawi lija osachoka. Ambirife timalowa pa intaneti kudzera pa netiweki ya mafoni, ndipo makampani a mafoni nthawi zambiri amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, chifukwa maadiresi a IPv4 anachepa padziko lonse. Imeneyi ndi CGNAT, NAT yachiwiri imene ili ku kampani, kumene inu simungaifikire. Starlink nayonso imachita zomwezo pa IPv4 kwa makasitomala wamba. Kuti mudziwe ngati muli mmenemo, onani adiresi ya WAN, kutanthauza adiresi yakunja ya rauta, pa tsamba la Status mu rauta, kenako tsegulani webusaiti iliyonse yoonetsa adiresi yanu ya IP. Ziwirizi zikafanana, port forwarding igwira ntchito. Zikasiyana, makamaka ya mu rauta ikayamba ndi 10. kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT. Lekani kulimbana ndi rauta, siyalakwe.

Zikatero njira zilipo zochepa. Ngati kampani yanu imapereka IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi, iyatseni mu rauta, chifukwa kumeneko chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yakeyake, ngakhale firewall ya rauta ingafunikebe kuuzidwa kuti ilole port ija. Ku ofesi kapena ku sukulu mungafunse kampani ya intaneti ngati imagulitsa adiresi ya IP yanuyanu. Ena amalipira VPN, ntchito yodutsitsa intaneti yanu pa seva ya kampani ina, imene imalola port forwarding, koma si VPN iliyonse imatero, funsani musanalipire. Kwa ambiri yankho losawononga ndalama ndi kuvomereza kuti ndinu otsekeka, kusiya DHT ndi PeX zoyatsa, kusiya protocol pa TCP and μTP, ndi kusankha ma torrent okhala ndi ma seed ambiri. Port yotseka siletsa kudawuniloda, imangochepetsa anthu amene mungawafikire.

7. Magetsi akazima

Apa torrent imaposa browser kutali. Tizidutswa timene tafika tafika basi. Magetsi akabwera, tsegulani pulogalamu, ipitiriza pamene inalekezera. Ngati kompyuta inazima mwadzidzidzi, dinani kumanja pa torrent n'kusankha Force recheck. Iwerenganso hash ya kachidutswa kalikonse pa diski, kowonongeka kokha n'kukatenganso. Musafufute n'kuyambiranso. Musasunthenso fayilo ndi manja ili mkati, gwiritsani ntchito Set location kuti pulogalamu isunthe yokha.

Force recheck ingakupulumutsireni bandulo m'njira inanso. Ngati muli ndi ISO ya Ubuntu imene inaduka pakati mukudawuniloda ndi browser, kapena imene mnzanu wakupatsani pa flashi koma ikukana, ipatseni dzina lenileni limene lili mu torrent, iikeni mu foda imene mwasankha, tsegulani torrent ya version yomweyo, kenako Force recheck. Pulogalamu itenga zosowa zokhazo.

8. Ikatha, ifufuzeni

Hash imatsimikizira kuti mwalandira zimene wopanga torrent anaikamo. Siitsimikizira kuti munthuyo anali wokhulupirika. N'chifukwa chake ndinati fayilo ya .torrent muitenge kwa eni ake. Pa Ubuntu pali fayilo ya SHA256SUMS pa webusaiti yawo. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba certutil -hashfile, dzina la fayilo, ndi SHA256 kumapeto. Pa Linux lembani sha256sum ndi dzina la fayilo. Nambala yotulukayo ifanane ndi yawo chilembo ndi chilembo.

Pa ma torrent ena alionse, onani mndandanda wa mafayilo musanayambitse. Buku kapena vidiyo sizithera ndi .exe, .scr kapena .lnk. Windows imabisa mapeto a maina, choncho mu File Explorer yatsani File name extensions kuti muziona dzina lonse.

9. Kugawa fayilo imodzi mu labu yonse

Ngati muli ndi makompyuta 20 pa netiweki imodzi, musadawunilode ka 20. Kompyuta imodzi imalize kaye n'kukhala seed. Pa enawo ikani qBittorrent, tsegulani torrent yomweyo, Local Peer Discovery ili yochongedwa. Adzapezana okha m'kati mwa labu n'kumapatsana tizidutswa pa liwiro la waya, aliyense akuthandiza mnzake m'malo moti onse apanikize kompyuta imodzi.

Chenjezo lake n'lakuti makompyutawo angayambe kutenganso kwa ma peer akunja, bandulo n'kumapita. Njira yosavuta ndi kuchotsa waya wa intaneti kapena SIM pa rauta, netiweki yam'kati ili chiyakire. Ngati intaneti iyenera kukhalapo, ikani malire otsika kwambiri a Download ndi Upload pa kompyuta iliyonse, kenako pa Speed chotsani chongi pa Apply rate limit to peers on LAN. Malirewo adzagwira akunja okha. Pa kompyuta ya seed ija, kumbukirani kuchotsa malire a ratio amene tinaika mu gawo 3, apo ayi idzaima enawo asanamalize.

Mafayilo anu a sukulu, monga mapepala a mayeso akale kapena mavidiyo a maphunziro amene muli ndi chilolezo chowagawa, mungawapangire torrent yanu pa Tools, Torrent Creator. Sankhani foda, siyani bokosi la tracker lopanda kanthu, ndipo musachonge pa Private torrent, chifukwa imeneyo imatseka DHT, PeX ndi Local Peer Discovery, makompyuta n'kulephera kupezana. Kafayilo ka .torrent katulukako kayendetseni pa flashi. Ngati kompyuta ina ikuchedwa kuona anzake, dinani kumanja pa tsamba la Peers, sankhani Add peers, ndipo lembani adiresi yam'nyumba ya seed ndi port yake, mwachitsanzo 192.168.1.20:51413.